Tikiti ya pa Nambala Sikisi

Ine galimoto zogonamo sindinkazifuna, ndipo zimenezo sindibisa. Zaka zisanu ndi zinayi ndagwira ntchito ku khonsolo yoyang'anira malo oimikapo galimoto padoko la Kilbrannoch, ndipo zaka zonsezo ndakhala ndikukolopa za eni ake. Amabwera nyengo yotentha, mzere kuchokera pamlatho mpaka kutchalitchi, atagula kale zakudya zawo kumzinda kuti asasiye ngakhale kobiri m'sitolo mwathu. M'mawa akachoka, iwe upeze wina wakhuthulira chimbudzi chake m'ngalande ya mvula. Ndiye khonsolo itaitanitsa maganizo a anthu pa zokweza mtengo wogonera, ine Ishbel Rennie ndinali woyamba kuimika mkono m'holo ya msonkhanowo. Ndinati mapaundi khumi ndi masewera, ikani makumi awiri usiku umodzi, munthu asapitirire masiku awiri, ndipo akachoka asaonekenso mpaka patadutsa masiku atatu. Anthu anaomba m'manja. Lamulo linalembedwa monga momwe ndinanenera, ndipo tsiku lokhoma chikwangwani ndine ndinagwirira makwerero.

Alendo amatha kumapeto kwa Seputembala, mphepo ya kunyanja ikayamba kuluma. Chaka chimenecho onse anapita, kutsala galimoto imodzi. Inali yoyera koma yachikalekale, ndere zitamera m'mphepete mwa mazenera, itaima pamalo nambala sikisi kumapeto kwenikweni, pafupi ndi mpanda wa miyala. Ife pantchito yathu sitifunsa munthu kuti wabwera liti, chifukwa aliyense amati wabwera dzulo. Timagwada n'kuyang'ana kamphuno kopopera mpweya patayala, n'kulemba m'kabuku pomwe kaloza ngati muvi wa wotchi. Galimoto ikangosuntha pang'ono, kamphunoko kamasintha malo. Lolemba ndinalemba: kutsogolo folo koloko, kumbuyo leveni koloko. Lachisanu ndinagwadanso, mawondo akulira, n'kupeza folo koloko ndi leveni koloko yomwe ija.

Ndinagogoda ndi chibakera. Anatsegula bambo wachikulire, wamtali, atavala majuzi awiri koma tayi ili m'khosi ngati akupita kukhoti.

"Mwadzuka bwanji, mayi? Lowani, mvulayi ikunyowetsani."

"Sindinabwere kudzacheza ine. Chikwangwanicho mumatha kuwerenga?"

"Ndinawerenga, mayi. Ndipo ndalipira masiku onse." Analoza pagalasi lakutsogolo. Matikiti asanu anali atawandandalika bwinobwino motsatira masiku.

"Masiku awiri, bambo. Awiri! Inu mwagona pano kasanu. Kapena kwanu amawerenga mwa mtundu wina?"

Sanakwiye, ndipo zimenezo zinandipsetsa mtima kwambiri. Anangoti dzina lawo ndi Lachlan Gunn, n'kundipempha kuti nditembenuke ndiyang'ane kutsidya kwa msewu. Kumeneko kuli nyumba yosamalira okalamba, yansanjika. Analoza zenera lachiwiri m'mwamba, la katani yachikasu.

"Mmenemo muli Effie wanga," anatero.

Ndinalowa. M'galimotomo munkazizira kuposa panja. Chotenthetsera anali atazimitsa, ndipo pashelefu panali zitini zinayi za supu ndi paketi ya phala, basi. Sindinafunse chifukwa chake. Mapaundi makumi awiri tsiku lililonse, pa penshoni ya munthu wokalamba, masamu ake ndinawachita ndekha ndili chiimire. Anandipangira tiyi n'kundifotokozera. Iwo ndi akazi awo anagulitsa nyumba yawo ku Greenock zaka khumi ndi chimodzi zapitazo n'kugula galimotoyi, ndipo kuyambira pamenepo nyumba yawo ndi imeneyi. Mayi Effie anabadwira kuno, n'chifukwa chake atadwala anawapezera bedi kutsidyako. Mtima wawo unali utatopa, ndipo mutu unali utayamba kusokonezeka. Masana ankakhala bwino. Koma kukayamba kuda ankagwidwa ndi mantha, osadziwa kumene ali, kuzula timapaipi ta m'mphuno, kufuna kutuluka kuti azipita kwawo.

A Gunn anakwera pa kampando n'kutenga nyali pazenera la pamwamba, pamene pali bedi lawo. Inali nyali ya mabatire, yovekedwa kansalu kofiira kosokedwa pamanja.

"Anasoka yekha," anatero. "Eyiti koloko akatitulutsa alendo, ine ndimathamangira kuno n'kuyatsa. Akaiona ali pabedi amadziwa kuti nyumba ilipo, ine Lachie wake ndilipo. Amagona. Ndinayesa pa nambala faifi, shedi ya nsomba imatchinga. Pa sikisi pokha ndi pamene amaona."

Kabuku kanga kanali m'thumba, cholembera chili m'manja. Sindinalembe kanthu. Ndinamwa tiyi uja mpaka kutha, kenako ndinatsitsa mawu ngati pali wina amene akumvetsera.

"Bambo Gunn, mvetserani. Lekani kulipira."

"Mwati bwanji?"

"Lekani kulipira. Makina aja mukalembamo nambala ya galimoto, amaitumiza ku ofesi. Mwezi ukatha abwana anga amasindikiza mndandanda. Akaona nambala imodzi masiku khumi motsatizana, ndiye kuti mwadzigwiritsa nokha. Koma mukapanda kulipira, amene angadziwe ndine ndekha, ndipo ine maso anga masiku ano akuvuta."

Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti akabe mbale ya chopereka.

"Mayi, ine ndayendetsa basi zaka makumi anayi. Ndatsitsa anthu pamvula chifukwa chosowa tikiti. Ndigone pamalo a khonsolo osalipira?"

"Nanga masikuwo simukuphwanya kale lamulo?"

"Ndikuphwanya, ndipo ndikudziwa. N'chifukwa chake sindingawonjezerepo kuba. Tsiku limene khonsolo idzandilembere kuti ndichoke, ndidzachoka. Koma usiku uliwonse umene ndagona pano, ndilipira."

Abale, liuma lotere ndinali ndisanalionepo. Ndinatuluka ndikulankhula ndekha, ndipo chitseko chawo ndinachimenyetsa.

Sabata yonse ndinkadutsa pa sikisi nkhope nditayang'ana kunyanja, koma matikiti pagalasi paja ankangowonjezereka. Ndikamaweruka madzulo ndinkaona kuwala kofiira pazenera la pamwamba, ndipo kutsidya katani yachikasu inkakhala yokankhidwira pambali. Tulo tinayamba kundivuta. Ndimakhala pamwamba pa malo ogulitsira nsomba ndi tchipisi, ndilibe bwalo loti ndikanawaimikapo, ndipo ngakhale ndikanakhala nalo, zenera lija silikanaoneka.

Ndiye ndinakumbukira thumba lachikasu. Makina olipirira akawonongeka, timawaveka thumba lachikasu lolembedwa kuti sakugwira ntchito, n'kumanga ndi loko. Thumba likakhalapo palibe amene amalipira, palibe nambala imene imapita ku ofesi, ndipo okonza amachokera kutali, amatha milungu iwiri asanafike. Makina a padoko analibe vuto lililonse. Lachitatu m'mawa kusanache bwino ndinawaveka thumba n'kulemba m'kabuku kuti akumeza ndalama. Ndinaganiza kuti masiku khumi oyamba aja ndidzawaphikira nkhani ina, kenako nambala yawo idzangosowa pamndandanda ngati munthu amene anapita.

A Gunn anandipeza ndikumanga loko.

"Awonongeka, mayi?"

"Afa. Afa ndithu. Musavutike nawo."

"Pepani," anatero, ngati makinawo ndi m'bale wanga. Ndinachoka ndikudzitama mumtima kuti nkhalamba ija ndaigonjetsa.

Lachiwiri lotsatira anandiitana ku ofesi. Abwana anga ndi Struan Pirie, mnyamata amene ndinamuona akuyamwa chala m'tchalitchi pamiyendo pa mayi ake, lero ali ndi tebulo lake ndi ndevu zometa bwino. Nditalowa sanandipatse moni. Anatsegula kabati n'kuyala maenvelopu asanu ndi limodzi patebulo, limodzilimodzi. Pa lililonse panali tsiku, nambala ya galimoto, ndi mawu akuti "Malo nambala sikisi, usiku umodzi. Makina awonongeka. L. Gunn." M'kati munali mapaundi makumi awiri.

"M'mawa uliwonse timapeza limodzi pansi pa chitseko," anatero Struan. "Mayi Rennie, lero m'mawa ndinapita kukavula thumba lija. Makinawo ali bwinobwino."

Mutu wanga unaima. Ndinafuna kuseka, ndinafuna kulira, ndinafunanso kupita kudoko kukawakoka tayi ija.

"Ndiye kuti anadzikonza okha," ndinatero.

"Musandiseweretse. Masiku khumi pamakina, asanu ndi limodzi m'maenvelopu. Khumi ndi asanu ndi limodzi, pamalo a masiku awiri. Ndipo alembera okha, ndi dzanja lawo. Kalata zodandaula ndili nazo ziwiri, zochokera kwa anthu amene munawalipiritsa chindapusa mu Ogasiti chifukwa cha usiku umodzi wowonjezera. Ndiwayankhe kuti chiyani?"

Ndinamufotokozera zonse, za mayi Effie, za nyali, za shedi ya nsomba. Anamvetsera, ndisamunamizire. Anapukuta kumaso n'kutsegula kabati ina.

"Pali fomu yopempha chilolezo chapadera. Komiti ikumana pa thwelofu Disembala."

"Disembala! Struan, mayiwo Novembala yemweyu samaliza. Iwe mayi ako akanakhala..."

"Musawatchule mayi anga." Khosi lake linafiira. "Lamuloli analifuna ndani? Ine ndinali m'holo muja, mayi Rennie. Ndinati tisiye mpata wa anthu ovutika, inu munati mpata ndi umene amalowerapo akuba. Munaiwala?"

Sindinaiwale.

Anandipatsa kalata yosindikizidwa kale. A Gunn achoke pofika Lachinayi thwelofu koloko masana, apo ayi chindapusa cha mapaundi zana, ndipo galimoto idzakokedwa n'kukatsekeredwa kumzinda. Anati ndikapereke ndekha, ndipo nkhani ya thumba tidzakambirana pambuyo pake.

Ndinawapeza akupukuta magalasi a galimoto. Ndinawaponyera kalatayo pachifuwa.

"Mwaona zimene mwachita? Maenvelopu! Mpaka kusaina! Bwanji simunangopita kupolisi kukadzimangitsa?"

Anavala magalasi awo n'kuwerenga mpaka pansi, ngakhale timalemba ting'onoting'ono tija.

"Zalembedwa bwino," anatero. "Ndichoka Lachinayi."

"Musachoke! Mvetserani, lole yokoka galimoto imachokera kutali, ndipo Struan akhoza kungoopseza. Khalani. Ine ndidzati tayala laphwa, batire yatha, chilichonse."

"Nanga ikabwera loleyo? Akaitenga galimotoyi, mayi, atenga nyumba yonse, ndipo ndalama yoiombolera ndilibe. Pamenepo Effie sadzaionanso mpaka kalekale. Koma ndikachoka ndekha, Lamlungu masana masiku atatu akwana, ndibwerera."

"Mukagona kuti?"

"Ku Ardvorran kuli malo ena a khonsolo. Basi ya m'mawa izindibweretsa, ya faifi koloko izindibweza."

Ku Ardvorran ndi mamailosi khumi ndi anayi, pamsewu wa galimoto imodzi, wokhotakhota m'mapiri, ndipo foni kumeneko sigwira. Iwonso anandiuza okha kuti maso awo ali ndi ng'ala, kukada sayendetsa. Ndinawanena zambiri tsiku limenelo, zina sindingazibwereze. Iwo anangodikira kuti ndimalize, kenako anakwera pa kampando kaja n'kutsitsa nyali.

"Mausiku atatu okha," anatero. "Eyiti koloko. Ngati sikukuvutitsani."

Lachinayi, kutatsala mphindi khumi kuti thwelofu ikwane, galimoto ija inatuluka padoko pang'onopang'ono, itayatsa nyali yokhotera ngakhale kumbuyo kunalibe aliyense. Pa sikisi panatsala malo ouma amakona anayi, ndipo mvula sinachedwe kuwanyowetsa.

Kagalimoto ka khonsolo kamene ndimayendera kamayenera kubwezedwa kumpanda wa ofesi sikisi koloko. Tsiku limenelo sindinakabweze. Itatsala pang'ono kukwana eyiti ndinakaimika pa sikisi, n'kuyatsa nyali ija pagalasi lakutsogolo. Nditasuzumira kutsidya ndinaona kuti mpanda wa miyala ukutchinga, kagalimoto kanga n'kakafupi. Ndinatsitsa makwerero padenga, omwe aja a chikwangwani, n'kuwatsamiritsa pagalimoto. Ndinakwera, mayi wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, nyali m'manja, mphepo ikufuna kunditaya m'nyanja. Ndinaikweza m'mwamba mpaka phewa linayamba kuwotcha. Pazenera lachikasu panadutsa mthunzi, kenako wina, kenako nyali yayikulu ya m'chipindamo inayaka. Masiku onse aja inali isanayakepo nthawi imeneyo.

Chitseko cha pansi chinatseguka, n'kutuluka nesi Rhona akuthamanga, wopanda jekete. Rhona tinaphunzira limodzi, sitipatsana ulemu wambiri.

"Ishbel! Ndiwe? Ukutani pamenepo?"

"Sukuona? Ndikuwayatsira mayi Effie."

"Aona nyali koma galimoto sakuiona. Akuti nyumba yapita, Lachie wandisiya. Azula chilichonse, ndipo kupuma kwawo kwasintha. Ishbel, ndikukuuza ine, usiku uno sadutsa. Ndaimba foni ya a Gunn kasanu, sikulowa."

Ndinatsika sindikudziwa bwanji, makwerero ndinawasiya pomwepo pansi, nyali n'kumupatsa Rhona.

"Kaiike pamene angaigwire. Uwauze kuti Lachie akubwera."

"Akubwera pa chiyani?"

"Iwe tapita!"

Msewu wa ku Ardvorran ndimaudziwa, koma usiku umenewo unatalika dala. Mvula inkamenya chammbali. Nkhosa zinagona pamsewu wa tala pofuna kutentha, maso okha akuwala, ndipo ndinkaziimbira hutala ndikuzitukwana mayina a eni ake. Ndinkayang'ana wotchi pakona iliyonse. Mumtima ndinkangowerenga: makumi awiri, masiku awiri, masiku atatu, mawu anga omwe, ndi anthu akuomba m'manja.

Nditadutsa kamlatho ka pakati ndinakumana ndi lole ya nsomba, nyali zake zonse zili ngwee. Pamsewu wotere wina amayenera kubwerera m'mbuyo mpaka pamalo opatukira, ndipo mwambo wake ndi woti wamng'ono ndiye amabwerera. Malo opatukira anga anali kutali kuseri kwa mlatho, ake anali pafupi. Dalaivala anaphethiritsa nyali kuti ndibwerere. Ndinatsika n'kukagogoda pachitseko chake. Anali Ruaridh wa kwa a Matheson, wonenepa uja.

"Mayi Rennie, mukudziwa kale malamulo a msewu uno..."

"Ruaridh, malamulo andikwana lero. Munthu akumwalira ku Kilbrannoch, mwamuna wake ali ku Ardvorran. Ubwerera kapena ndikwere ndikubwezere ndekha?"

Anandiyang'ana kumaso kamodzi kokha n'kuponya giya ya m'mbuyo. Lole ija inalira pii, pii, pii, ikubwerera ngati kamba, ine ndili pamphuno pake. Zinatenga mphindi zinayi, ndinaziwerenga.

Ku Ardvorran galimoto yawo inali yokhayokha pamalo onse, tikiti yatsopano ili pagalasi. Ndinamenya chitseko. Anatsegula atavala zogonera, ndipo atangoona nkhope yanga anadziwa. Anatembenuka n'kuyamba kufunafuna malaya.

"Siyani zimenezo, valani jekete!"

"Effie sanandionepo panja ndilibe tayi."

Zala zawo zinkakanika kumanga, mpaka ndinawamangira ine, ndipo ndinamanga moipa. Anatseka gasi, anakhoma chitseko, anachiyesa kawiri. Titafika pakagalimoto kanga anatsegula chitseko n'kuima, mvula ikuwathira. Ankawerenga kapepala komata pagalasi, kolembedwa kuti galimoto ya khonsolo siloledwa kunyamula munthu wosagwira ntchito kukhonsolo.

"Mayi, apa palembedwa kuti..."

Ndinakakanda ndi zikhadabo n'kukasupula, n'kukaponya panja.

"Palembedwa pati? Lowani, bambo, ndisanakunyamuleni!"

Analowa. Njira yonse sanalankhule, manja ali pamawondo, kupatula kamodzi pamene ndinalowa pakona mothamanga. Anati, "Giya yachitatu, mayi," ndipo ndinamvera. Ine ndinkapemphera chamumtima, pemphero lopanda ulemu, loti Ambuye mundisungire mayi ameneyu, cholakwa ndi changa, musawalipiritse iwo.

Tinafika itadutsa hafu pasiti naini. Zenera lachikasu linali likuyakabe, ndipo sindinadziwe ngati chimenecho n'chabwino kapena choipa. Rhona anali pakhomo. Anangowagwira mkono n'kuwakokera m'kati, ndipo ndinawaona a Gunn akukwera masitepe awiriawiri, munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zitatu. Chitseko chinatsekeka. Palibe amene anandiuza ngati tafika nthawi yabwino.

Kunyumba sindikanatha kupita. Ndinabwerera pa sikisi, n'kuzimitsa injini, n'kukhala ndikuyang'ana m'mwamba. Patapita nthawi nyali yayikulu ija inazima, ndipo m'chipindamo munatsala kuwala kofiira. Ndinaganiza kuti munthu sangayatsire maliro nyali yofiira, kenako ndinaganiza kuti a Gunn angathe. Ndinafuna kumuimbira Rhona, koma ndinaopa yankho. Kuzizira kunalowa m'mafupa. Ndinadzifunditsa jekete ya ntchito, ndipo nthawi ina tulo tinandiba.

Ndinadzidzimuka ndi kugogoda pagalasi. Kunali kutayera, mbalame za kunyanja zikukangana pashedi ya nsomba. A Gunn anaima panja, nyali ili m'khwapa, tayi ija ili chikhotere monga ndinaimangira. Ndinatsegula chitseko.

"Wapita itangodutsa faifi," anatero.

"Munawapeza?"

"Ndinamupeza. Anandidziwa. Anandifunsa ngati ndatseka gasi. Ndinati ndatseka. Ndiye anati, chabwino, bwera ugone, ukuzizidwa. Ndinakhala naye mpaka mapeto."

Ndinalira, ine amene sindinalire ngakhale tsiku limene mwamuna wanga ananyamula masutikesi n'kundisiya. Ndinawauza kuti lamulo lija ndinalipempha ndine, mtengo uja ndinautchula ndine, kuti akanakhala pa sikisi dzulo mayi Effie sakanachita mantha. Ndinkafuna anditukwane. Iwo anangoyang'ana kagalimoto kanga, magalasi ochita nthunzi m'kati, jekete ili pampando, makwerero ali pansi pomwe ndinawasiya.

"Mwagona pano, mayi?"

"Ee, ndinangoti ndidikire."

"Usiku wonse?"

"Usiku wonse."

Anandipatsira nyali kuti ndiwagwirire. Anazungulira kutsogolo kwa galimoto, n'kuwerama, n'kuwerenga nambala yake milomo ikugwedera. Kenako anayamba kuyenda kulunjika kumakina, dzanja likufufuza m'thumba la jekete.

Ndinadziwa chimene chichitike. Nambala ya galimoto ya khonsolo ikalowa m'makina aja, mwezi ukatha ituluka pamndandanda wa Struan, tsiku ndi malo, galimoto imene inayenera kugona kumpanda wa ofesi, pamwamba pa nkhani ya thumba. Ndinadziwanso kuti pashelefu paja patsala zitini zingati. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikuwe, bambo Gunn, siyani! Koma ndinaona mmene anaimira pamakinapo, msana uli chilili, akudina batani limodzilimodzi ndi chala chimene chinali chitasiya kunjenjemera. Ndinatseka pakamwa panga.

Makina analira n'kulavula tikiti. Anabwera nayo, anatsegula chitseko cha kagalimoto kanga, n'kuiika pagalasi lakutsogolo, malemba akuyang'ana kunja kuti woyendera aone. Inali itapendekeka pang'ono, ndiye anaiwongola.